Ovina Opanda Maina pa Mabwinja a ku Egypt

Aliyense amene adatsegulapo buku la mbiri yakale ali pasukulu akukumbukira zithunzi za ku Egypt: zipilala zonenepa zoti anthu asanu sangazikupatire ngakhale atagwirana manja, mafano a mafumu okhala pa mipando yamwala, ndi makoma odzaza ndi malemba a tizithunzi ta mbalame ndi njoka. Koma ndi angati mwa ife amene adatsitsako maso kufikira m'munsi mwa chithunzicho? Kumeneko, patsinde pa chipilala, kawirikawiri pamakhala munthu. Amaoneka wochepa ngati nyerere, ndipo diso limangomulumpha pothamangira mwala. Nkhani yathu ya lero ndi ya munthu ameneyo.

Nyumba zosungiramo mabuku ndi zinthu zakale, monga Library of Congress ku Washington, New York Public Library ndiponso Griffith Institute ku Oxford, zikusunga zithunzi zikwizikwi zimene zidajambulidwa ku Egypt kuyambira cha m'ma 1850 kufikira cha m'ma 1930, ndipo zambiri mwa izo zidaikidwa pa intaneti kuti aliyense azione. Pakati pa zithunzizo pali gulu lina limene limakopa maso koposa. Ndi zithunzi za anthu amene ankapeza chakudya posangalatsa anzawo pabwalo ndi m'misewu: bambo wonjuta pafupi ndi thumba lachikopa, njoka itadzutsa mutu patsogolo pake, mnyamata wogwira nyani pachingwe, nkhalamba yofungatira chida choimbira cha nsambo ziwiri, amayi ovina, tizitsulo tolira tili m'zala. Zina zidajambulidwa m'misewu ya ku Cairo, zina m'nyumba zojambulira, ndipo zina pa mabwinja a akachisi akale a ku Karnak, Luxor ndi malo ena a m'mbali mwa mtsinje wa Nile.

Tsono taonani mawu amene adalembedwa pansi pa zithunzi zotere. Dzina la kachisi lilipo. Kawirikawiri dzina la Farao amene adamanga kachisiyo, munthu amene adafa zaka zoposa 3,000 zapitazo, nalonso lilipo. Wojambula sadadziiwale: adakanda dzina lake pakona ya galasi, pamodzi ndi nambala ya chithunzi m'kaundula wake wa malonda. Koma munthu wamoyo uja, amene luso lake ndilo lidagulitsa chithunzicho, adangolembedwa kuti "woseweretsa njoka", kapena "wovina wa Chiarabu", monga momwe timalembera dzina la mtengo kapena la chilombo. Ife tikuti chimenechi sichidachitike mwangozi, ndipo si chinthu chakuti tingachilambalale poti ndi chakale.

Kuti timvetse bwino tiyenera kubwerera kuchiyambi. Luso lojambula ndi kamera lidalengezedwa ku France m'chaka cha 1839. Katswiri wa sayansi François Arago, pofotokozera aphungu a dzikolo ubwino wa chida chatsopanocho, adapereka chitsanzo cha Egypt yemweyo: kuti malemba osawerengeka a pa makoma a akachisi, amene akadatengera khamu la olemba pamanja zaka zambirimbiri, munthu mmodzi yekha akhoza kuwatola ndi kamera. Chaka chomwecho chisanathe, kamera inali itafika kale ku Alexandria. Kotero chidacho chidapita ku Egypt kukafuna miyala. Za anthu sichidatumidwe.

Nanga munthu adalowa bwanji m'chithunzi? Adalowa ngati ndodo yoyezera. Mfalansa wina, Maxime Du Camp, adayenda mu Egypt m'zaka za 1849 ndi 1850 pamodzi ndi bwenzi lake, mlembi Gustave Flaubert, ndipo mu 1852 adatulutsa buku la zithunzi 125. Kuti woona adziwe kukula kwa fano kapena khoma, Du Camp ankakweza pamwalapo mmodzi wa anyamata a m'ngalawa yake, wa ku Nubia, dzina lake Hadji Ismael. Vuto linali lakuti kamera ya masiku amenewo inkafuna kuti chojambulidwa chikhale chete kwa mphindi yathunthu kapena kuposerapo. Du Camp mwini wake adalemba, mosachita nazo manyazi, mmene adathetsera vutolo: adauza mnyamatayo kuti chitsulo chamkuwa chotuluka pansi pa nsalu chija ndi mzinga, ndipo akangogwedezeka chimulavulira zipolopolo. Mnyamatayo ankauma ngati chitsa. Ameneyu sanali wamagule ayi, koma kaimidwe kake ndiko kadakhala kaimidwe ka onse amene adadza pambuyo pake: ima apa, usagwedezeke, ntchito yako ndi kukuza mwala.

Tisawanamizire ojambulawo kuti anali aulesi. Mngelezi Francis Frith, amene adapita ku Egypt katatu pakati pa 1856 ndi 1860, ankanyamula magalasi aakulu, ena a masentimita 40 m'lifupi ndi 50 m'litali, ndipo galasi lililonse ankalipaka mankhwala pomwepo, kulijambula likadali lonyowa, ndi kulitsuka lisanaume. Zonsezi ankachitira mu tenti yamdima kapena m'manda akale, kutentha kuli kwakuti nthawi zina mankhwala ankawira powathira pagalasi. Zithunzi za anthu onga iyeyu ndizo zimatisonyeza mmene akachisi ankaonekera mchenga usanafukulidwe, ndiponso madamu a ku Aswan asanasinthe mtsinje. Pa chimenecho tiwathokoze. Koma njira yagalasi lonyowayi inkafunabe masekondi angapo a bata, ndipo apa ndi pamene pagona mfundo imene owerenga athu ayenera kuigwiritsa: kufikira m'zaka za m'ma 1880, pamene magalasi ouma ofulumira adafala, kamera sinkatha kujambula gule. Mayi amene mukumuona atakweza manja pachithunzi cha 1870 sakuvina. Waimitsidwa, wauzidwa kopenya, wapuma n'kugwira mpweya. Woimba uja sakuimba. Chithunzi chilichonse chotere chidayamba ndi kukambirana mtengo.

Kodi anthu amenewa anali ayani? Tiyambe ndi amayi ovina, amene kwawoko amatchedwa ghawazi. Iwowa ankavina poyera, pamaukwati ndi pazikondwerero, osaphimba kumaso, m'dziko limene mkazi wolemekezeka wa m'tauni sankatero. M'chaka cha 1834 wolamulira dzikolo, Muhammad Ali, adaletsa akazi kuvina poyera mu Cairo, ndipo ambiri adathamangitsidwira kumwera, ku matauni a Qena, Luxor ndi Esna. Mwatsoka kapena mwamwayi, kumwerako ndi kumene kuli akachisi otchuka. Kotero mlendo wa ku Ulaya akafika ku Esna, pafupifupi makilomita 55 kumwera kwa Luxor, n'kupeza kachisi wokwiririka pakati pa tauni ndi amayi ovina chapafupi pomwepo, ankaganiza kuti ziwirizi zidakulira pamodzi kuyambira nthawi ya Afarao. Sadadziwe, kapena sadafune kudziwa, kuti ambiri mwa amayiwo adawafikitsa kumeneko ndi lamulo la boma la dzulodzulo lomweli.

Ku Esna komweko, mu Marichi 1850, Du Camp ndi Flaubert adacheza kwa wovina wotchuka amene mabuku amamutcha Kuchuk Hanem. Flaubert adalemba zambiri za iye, zina zosayenera kuzibwereza pa tsamba lino. M'buku la zithunzi la Du Camp nkhope yake mulibe. Ndipo ngakhale dzina limene timamudziwa nalolo ndi mawu a Chitheki otanthauza "kadona kakang'ono". Wovina wodziwika koposa onse wa m'zaka zimenezo adatifikira ndi dzina la pabwalo, lobadwa nalo lidatsala m'njira.

Za amuna timadziwako bwino chifukwa cha Edward William Lane, Mngelezi amene adakhala mu Cairo zaka zingapo, naphunzira Chiarabu, natulutsa buku lofotokoza miyambo ya anthu a ku Egypt mu 1836. Iye adafotokoza za amatsenga a pamsika, za oyenda pachingwe, za oweta anyani ovinitsa, ndi za anthu a gulu lachipembedzo la Rifa'i amene ankaitanidwa m'makomo kudzatulutsa njoka zobisala. Adafotokozanso za alakatuli amene ankakhala pakhonde la nyumba yomwera khofi madzulo, akuimba mbiri ya ngwazi Abu Zayd ndi fuko la Bani Hilal, uku akukhwekhwesa rababa, chida chofanana ndi kaligo wathu. Mbiri imeneyi ndi yaitali kwambiri, yakuti siitha usiku umodzi, ndipo mlakatuli ankaisunga yonse pamtima. Munthu wotere anali laibulale yoyenda ndi miyendo. Pakhadi lotumiza pa positi adasanduka "woimba wa Chiarabu".

Onani tsono kuti bwalo lenileni la anthu onsewa silinali kachisi. Linali msika, ukwati, nyumba ya khofi ndi chikondwerero cha munthu woyera. Chidawakokera ku mabwinja n'chiyani? Ndi alendo. Chaka cha 1869 ngalande ya Suez idatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho Thomas Cook adatenga gulu lake loyamba la alendo kukwera nalo mtsinje wa Nile. Posakhalitsa nyengo yozizira iliyonse sitima zinkakocheza ku Luxor zitadzaza Azungu a ndalama m'matumba. Ojambula adatsegula masitolo m'njira ya alendowo: Antonio Beato ku Luxor kuyambira m'zaka za m'ma 1860, Pascal Sébah ku Cairo mu 1873, abale a Zangaki cha ku Port Said. Ndipo amagule nawonso adalondola ndalama kumene zinali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife sitiona chifukwa chowamvera chisoni chonyoza, ngati kuti anali ana osadziwa kanthu. Anali anthu a ntchito, odziwa nyengo imene sitima ifika, chipata chimene alendo alowera, ndi chimene Mzungu afuna kuona kuti apise dzanja m'thumba. Kaya adafupidwa mokwanira kaya ayi, chodziwika n'chakuti iwo ankalandira kamodzi, pamene galasi lija linkabala zithunzi mazanamazana kwa zaka makumi angapo, phindu lonse likupita kwa mwini sitolo.

Choipa chachikulu sichinali pa ndalama pokha, chinali pa nkhani imene chithunzicho chinkakanena kutsidya kwa nyanja. Munthu wa ku London kapena ku Paris, poona nkhalamba yovala nsanza ndi njoka yake patsinde pa chipilala cha mamita 21 ku Karnak, ankamva uthenga womveka bwino ngakhale usadalembedwe: akale adamanga izi, zidzukulu zawo zikuseweretsa njoka, dziko ili lidagona tulo ndipo likusowa wolidzutsa. Britain adalanda ulamuliro wa Egypt mu 1882, ndipo zithunzi zotere zinkathandiza kuti kulandako kuoneke ngati chifundo. Masitolo ena sankavutika n'komwe kupita kumabwinja. Ankaveka munthu zovala m'nyumba yojambulira, kumbuyo kwake atapachika nsalu yopentedwa migwalangwa ndi zipilala. Akatswiri ofufuza adapeza kuti pa zithunzi za sitolo ya Bonfils ya ku Beirut munthu mmodzi yemweyo amaoneka kawiri, apa ngati mkulu wachipembedzo, apo ngati wopuntha thonje. Ndipo Egypt wa njanji, wa nyuzipepala, wa masukulu ndi wa maloya, amene analipo nthawi yomweyo, sankagulitsidwa kwenikweni chifukwa mlendo sadaolokere nyanja kudzaona zimene adazisiya kwawo.

Wina atifunsa kuti: kodi si zoona kuti pa akachisi amenewa pankavinidwa magule kalekale? N'zoona ndithu. Pa makoma a kachisi wa ku Luxor pali zosema za nthawi ya Tutankhamun zosonyeza chikondwerero cha Opet, pamene mafano a milungu Amun, Mut ndi Khonsu ankatengedwa pa ngalawa kuchokera ku Karnak. Pamenepo pakuoneka oimba ng'oma, oimba zansambo, ndi atsikana opinda msana chagada mpaka manja kugunda pansi. Ndiponso mpaka lero, mkati mwa kachisi yemweyo muli mzikiti wa Abu al-Haggag, shehe wa m'zaka za m'ma 1200, ndipo pa chikondwerero chake, m'mwezi wa Sha'ban, anthu a ku Luxor amayendetsa ngalawa m'misewu, zitoliro zikulira, amuna akuchita tahtib, masewera a ndodo. Akatswiri ambiri amaona chibale pakati pa ngalawa zakalezo ndi zalerozi. Komatu chibale chimenechi, ngati chilipo, chili pa chikondwerero chimene eni dera amadzichitira okha, osati pa munthu woimikidwa pamwala kuti akongoletse chithunzi cha mlendo. Mlakatuli wa rababa anali kuimba Chiarabu, za fuko la Aarabu limene lidasamukira ku Tunisia zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Kumuyesa chotsalira cha Afarao n'kumulanda mbiri yake yeniyeni ndi kumuveka ya wina.

Pali chinthu china chowawa chimene zithunzi zakale kwambiri zimaulula mosafuna. Akachisi amenewa sanali opanda anthu. Pamene Du Camp ndi Frith ankafika ku Luxor, mkati mwa kachisi munali mudzi: nyumba za zidina, makola a nkhunda, mbuzi ndi ana. Ku Edfu nyumba zinali padenga penipeni pa kachisi, mpaka Auguste Mariette adazichotsa cha m'ma 1860. Ku Luxor ntchito yogwetsa nyumbazo idachitika cha m'ma 1885, motsogozedwa ndi Gaston Maspero. Mzikiti wokha ndiwo udakana kuchoka. Mchitidwewu sudathere pamenepo. Kuyambira mu 2006 mabanja ambirimbiri a m'mudzi wa Qurna, kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje, adasamutsidwa ndipo nyumba zawo zidagumulidwa pofuna kuteteza manda akale amene anali pansi pake. Msewu wamafano wa makilomita 2.7 wolumikiza Luxor ndi Karnak udatsegulidwa mu Novembala 2021 ndi chionetsero chachikulu cha oimba ndi ovina ovala ngati a nthawi ya Afarao, nyumba zimene zinali m'njiramo zitachotsedwa. Sitikutsutsa kuti mabwinja ayenera kutetezedwa. Mbuzi ndi utsi wa pamoto zimaonongadi zosema. Tikungoti pali dongosolo limene lakhala likubwerezedwa: mwini dera akakhala pamalopo ngati nzika amaoneka ngati chitsotso, koma akabwera atavala zokongola kudzavinira alendo amalandiridwa.

Chifukwa cha zonsezi alipo ena amene amati zithunzi zotere n'zabodza la atsamunda basi, zoyenera kutsekeredwa m'bokosi. Ife sitigwirizana nawo. Anthu amenewa sadasiye mabuku, sadasiye makalata, ndipo manda awo sadziwika. Kwa ambiri a iwo chithunzi chija ndicho chokhacho chotsala chosonyeza kuti adakhalako pansi pano. Ngakhale wojambula adawauza poima, sadawapangire nkhope, zipsera za m'manja, kagwiridwe ka uta wa rababa kapena kasokedwe ka thumba la njoka. Wodziwa kupenya amaphunzirapo zambiri. Kuzitaya kungakhale kuwafafaniza kachiwiri.

Chimene tikupempha n'chakuti osunga zithunzizi aleke kungokopera mawu a wamalonda wa 1880 ngati kuti ndi choonadi. Alembe poyera pamene chithunzi chili chokonzedwa, anene kuti dzina la wojambulidwa silidalembedwe, ndipo pamene kuli kotheka alifunefune. Sizosatheka monga ena amaganizira. Dzina la Sheikh Moussa, wogwira njoka wa ku Luxor, tikulidziwa chifukwa chakuti mlembi Paul Brunton adayenda naye m'zaka za m'ma 1930 nalilemba. Abdel Rahman el-Abnudi, mlakatuli wa m'chigawo cha Qena amene adamwalira mu 2015, adatha zaka zambiri akutola mbiri ya Bani Hilal kuchokera pakamwa pa akatswiri ake monga Jabir Abu Husayn, naiulutsa pa wailesi maina awo akutchulidwa, ndipo mu 2003 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la chuma cha anthu onse. Ku Luxor komweko, Beato atamwalira, ntchito yojambula idapitirizidwa ndi mwana wa dzikolo, Attiya Gaddis, amene adaphunzira kwa iye, ndipo banja lake lidasunga magalasi akale. Mabanja a oimba ndi ovina, monga la Mazin, akudziwika m'taunimo. Agogo amene angathe kuloza nkhope pachithunzi cha 1925 n'kunena kuti uyu ndi uje akutha chaka ndi chaka. Ndalama zimene zimapita pa kutsuka mwaye pa denga la kachisi n'zoyenera, koma kachigawo kochepa chabe ka ndalamazo kangakwanire kutuma wophunzira ndi mulu wa zithunzi kukakhala pansi ndi nkhalamba zimenezi.

Kwa inu aphunzitsi, ndi inu amene mwangotsiriza kumene sukulu, nkhaniyi ili ndi ntchito yake m'kalasi ndi kunja komwe. Tidazolowera kuuza ana kuti chithunzi sichinama, ndipo timachiika m'buku ngati mboni yosafunsidwa mafunso. Tsiku lina mukadzafika pa mutu wa Egypt, dzayeseni kuphimba chipilala ndi dzanja kuti patsale munthu yekhayo, ndipo mudzafunse ana: adamuimika pamenepa ndani? Adaima nthawi yaitali bwanji? Adalandira chiyani? Amene adagula chithunzichi ankafuna kuona chiyani? Nanga kumbuyo kwa wojambula, kumene kamera sidaloze, kunali chiyani? Mwina kunali sitima ya Cook ikufuka utsi, mwina mulu wa zidina za nyumba zogwetsedwa kumene.

Kenaka mudzawauze kuti ayang'anitsitse m'mphepete mwa chithunzicho. Pa zithunzi zambiri za magalasi akale pamaoneka timabala totuwa ngati nkhungu: mutu wa bulu umene udagwedezeka, masamba a mgwalangwa amene mphepo idawakankha, mwana amene adathamanga kudutsa kamera ili yotsegula nangosiya chithunzithunzi chake. Ojambula ankadana nato timabala timeneti, ndipo ena ankatifafaniza ndi utoto pagalasi asanasindikize. Woweta nyani ankatha kuuzidwa kuti aume, ndipo ankauma. Nyaniyo ndiye sankamva za mzinga, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina pamapeto a chingwe mumangoona kankhungu.